Halale, Nandolo Asanapse

Fungo la nandolo wouma akamabwata pa nkhuni za tsanya limandibwezera ku Utale, pakhonde la agogo anga, Abiti Saizi, mayi wa mafunso osatha ngati mwana. Lole ikadutsa ankafuna kudziwa kumene yachokera, wailesi ikalankhulitsa ankafunsa ngati munthuyo samva ludzu. Koma mtima wawo unali ku Halale, kumene agogo aamuna anapita wapansi kukafuna ntchito, amayi anga ali kumsana, osabwerako. Anthu ankati anatchona. Agogo ankakana kwamtuwagalu: "Iyayi, n'kutali kuja. Munthu angabwere bwanji mtunda wonsewo?" Mawu amenewa ndiwo ankawagonetsa tulo, ndipo anabweza nawo amuna awiri ofuna banja.

Chaka china Che Bwanali, mnansi wathu amene ankaphikira mzungu ku Halale komweko, anabwera kutchuthi, mbiri n'kuwanda kuti bwana wawo wawakweza ndege mpaka ku Blantyre. Agogo sanadikire kuti alendowo apume. Anawaitanitsa, nawayalira mkeka pafupi ndi mafuwa pamene ine ndinkasonkhezera moto, utsi ukundiliza.

"Che Bwanali, m'mwambamo munagona masiku angati?"

"Kugona? Amayi, nandolo wanuyu mukanatereka ife tikunyamuka, tikanatera ku Blantyre asanapse."

Agogo anaseka mpaka kugwira nthiti, mafunso n'kuyamba kugwa. Kamba anadyera pati? Pofuna kuswali anayang'ana kuti? Nanga Zambezi, mtsinje umene apaulendo ankauopa, anawoloka bwanji? Che Bwanali anati anangouona pansi ngati ulusi wotayika, asanauloze n'komwe unali utatsala m'mbuyo. Ine ndinayasama kukamwa, kulakalaka nditakwera nawo tsiku lomwelo.

Kenaka agogo anavundukula mphika, natola nandolo mmodzi, namufinya ndi zala. Anali adakali gwa.

"Ndiye kuti m'pafupi," anatero.

Che Bwanali anazindikira kumene nkhani yalowera, nayamba kukanda kumutu. "Pandege, eya. Koma si aliyense amakwera, amayi. Wapansi n'kutali ndithu."

"Ngakhale wokwawa, Che Bwanali. Malo oti nandolo sapsa, munthu angalephere kufika zaka zonsezi?"

Agogo sanalire, anangovundikira mphika n'kundiuza kuti ndiwonjezere nkhuni. Ndinawamvera chisoni chimene sindinkadziwa pochiika, ndipo ndinakwiyira ndege imene ndinali ndisanaionepo. Kuyambira tsiku limenelo anapitiriza kufunsa za malole ndi za wailesi, koma wochokera ku Halale ankangomulonjera basi.

Lero ndimakhala m'tauni, amayi anga akalambira ku Utale. Akatumiza uthenga kuti andisowa, zifukwa zimabwera zambiri: ntchito, ana, mvula, msewu woipa. Zonsezo ndikhoza kunena. Koma ndikati ndinene kuti n'kutali, m'mawa mwake ndimapezeka ndili pabasi ya ku Balaka.