Tsiku Limene Evaristo Ananditchula Kuti "Inu"

Anzanga, ine ndi Evaristo tinakumana kunkhondo.

Musaseke! Nkhondo yake ndi ya mu gemu ya pa foni, ija mumapanga ngwazi yanuyanu, kuisankhira nkhope, zovala ndi mphamvu, kenako n'kumamenyana ndi zilombo pamodzi ndi anthu ena pa intaneti.

Ine ndine Tisiyenji. Kwathu ndi ku Phalombe, koma tinabwera kuno ku Kabudula ndi makolo anga kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Mnzanga ndinalibe olo mmodzi. Atsikana a kuno ankaseka kayankhulidwe kanga, ndiye ndikaweruka kuchigafa, kumene timasoka ndi kuyanika fodya, ndinkangokwera pachulu pamene pamagwira netiweki, n'kutsegula gemu.

Ngwazi yanga ndinaipanga yaifupi ngati ine, yometa tsitsi, mphamvu yake chishango. Ndinaiveka magolovesi akuda ofika m'zigongono. Amene munagwirapo fodya wamuwisi mukudziwa zimene utomoni wake umachita ndi manja a munthu: umawadetsa bii.

Tsiku lina ndinaona ngwazi yoponya mphezi, yovala zoyera mbee, chilombo chitaipanikiza pakona. Inali pafupi kufa. Ndinalumphira kutsogolo kwake n'kutchinga.

Meseji inalowa pompo.

"Eee! Wandipulumutsa iwe. Uli kuti?"

"Ku Kabudula," ndinayankha.

"Bodza! Ine ndili pa Nsaru pompa. Dzina ndine Evaristo. Usachoke pambali panga, wamva?"

Anzanga, munthu amene wakhala nthawi yaitali osaitanidwa ndi wina aliyense, mawu ngati amenewa amamulowa mpaka m'mafupa.

Kuyambira pamenepo tinali awiri. Iye kumenya, ine kutchinga. Chilombo chikatukula dzanja ankangokuwa pa voice, "Tchinga iwe!" ine ndafika kale. Tikapambana tinkayimitsa ngwazi zathu padenga la nyumba yaitali ya mu gemumo n'kumacheza mpaka batire kufiira.

Ndipo "iwe" wake uja ankandikomera bwanji! Pa esiteti akapitawo amangoti "inu atenanti". Koma Evaristo akati "iwe", ndinkamva kuti ndili ndi wanga.

Anandiuza kuti bambo ake ndi aphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, amayi ake ndi a Chigwirizano. Ine ndinachita mantha, koma sindinabise za kwathu.

"Nanga magolovesi akudawo ndi style?" anandifunsa tsiku lina.

Ndinajambula manja anga n'kumutumizira.

"Manja amenewa ndi amene amanditchinjiriza," anatero. "Usadzawabisenso, bae."

Mawa lake nditalowa mu gemu, ndinapeza ngwazi yake yoyera ija itavala magolovesi akuda ngati anga. Ndinalira pachulu paja ngati mwana...

Tinagwirizana zokumana pa Nsaru tsiku lamsika, pamene amagulitsira tomato. Manja ndinawakwecha ndi mchenga ndi mandimu mpaka kuwawa, koma m'zikhadabo munakanika. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi n'kukwera kabaza.

Ndinamuzindikira patali. Anali ndendende chithunzi chimene ananditumizira. Chimwemwe chinanditseka m'maso moti sindinaone kuti mayi amene ankasankha tomato pambali pakewo anali naye limodzi.

"Evaristo, iwe!" ndinakuwa, dzanja nditatambasula kale.

Mayiwo anatembenuka. Anayang'ana nkhope yanga, kenako dzanja langa, n'kukhalitsa pa dzanjapo.

"Kodi awa ndi ndani?" anamufunsa.

Evaristo anandipatsa moni wa manja awiri, atawerama pang'ono, ulemu wonse wa mwana woleredwa bwino.

"Muli bwanji achemwali?" anatero. "Kodi inu mukufuna ndani? Mwina mwangondifanizira."

Inu.

Anzanga, akanandituka bwenzi ndikudziwa choyankha. Koma ulemu ungauyankhe bwanji?

"A ku maesiteti awa, eti?" anatero amayi ake, osati mwaukali ayi, ankangofunsa. "Tiye, nyamula jumboyo."

Ananyamula. Sanacheuke.

Pobwerera sindinakwere kabaza, ndinkaopa kulira pamsana pa munthu. Ndinayenda wapansi, fumbi lili mbuu, mpaka wa ngolo wina anandimvera chisoni.

Mawa lake masana meseji inabwera.

"Sorry bae, amayi ndi ovuta, nawenso ukudziwa. Talowa mu gemu, chilombo cha lero sindingachithe ndekha."

Ndikanama ndikati sindinalowe. Ndinalowa, ndipo kamtima kena kankati mwina tikonza.

Ndinamupeza akudikira. Magolovesi ake anali oyera.

"Akuda aja ali kuti?"

"Aaa, ndangosintha look basi. Tiye, chafika!"

Chilombo chinatulukira, chachikulu kuposa zonse zimene tinamenyapo. Iye anathamangira kutsogolo monga mwa nthawi zonse, osayang'ana n'komwe ngati ndili pambali pake. Chinatukula dzanja.

"Tchinga iwe! Tisi, tchinga!"

Chala changa chinali kale pa batani. Chinazolowera. Ndinachichotsa pang'onopang'ono, n'kulemba:

"Pepani achimwene, kodi inu mukuitana ndani?"

Ngwazi yake inagwa pompo.

Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi ndithu. Ndinamuchita block, ndinatsika pachulu, ndinabwerera kuchigafa kukasoka fodya misozi ikugwera pamasamba.

Gemu ndimasewerabe. Ngwazi yanga ikadali ndi magolovesi ake akuda, sindidzayivula. Koma nthawi zina chilombo chikatukula dzanja ndimalumphira kutsogolo n'kutchinga, kenako ndikacheuka ndimapeza kumbuyo kwanga kulibe munthu.

Anzanga, musanapereke mtima kwa munthu amene amati "iwe" muli awiri, yambani mwamva kaye chimene akutchuleni amayi ake ali pomwepo.