Anagula Dzina la Simeoni pa Okushoni

Tsiku limene Simeoni anadziwa kuti akumudyera masuku pamutu, anali atasenza chikwama cha makilogalamu makumi awiri ndi asanu, bondo lakumanzere atalimanga ndi kansalu. Unali mwezi wa Ogasiti chaka cha 2018. Kutsogolo kwake kunali mlendo, mzimayi wachizungu, ndipo kutsogolo kwa mlendoyo kunali Mackson, gaidi wotsogolera alendo wa kampani ina ya ku Blantyre, atavala nsapato zimene zinali zisanapondepo matope a phiri la Mulanje.

Kawiri konse Mackson analowera njira yolakwika. Kawiri konse Simeoni, wonyamula katundu chabe, ananena chapansipansi kuti, "Kumanzeretu, bwana."

Atafika pa nyumba yogona alendo ku Chambe, mzimayiyo anamufunsa dzina.

"Ndine Simeoni, madamu."

Mzimayiyo anaika kapu yake pansi. "Simeoni wa ku Likhubula? Amene anatsitsa mchemwali wanga m'phiri muno atathyoka mwendo? Inetu ndimafuna inuyo! A kampani anandiuza kuti munasiya ntchito."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chimene anasunga. Iye ali kwawo analemba pa Google dzina la Simeoni ndi mawu akuti gaidi wa ku Mulanje. Choyamba kutuluka pamwamba chinali chilengezo cha kampani ya ku Blantyre ija. Anachidina, analipira ndalama zambiri, ndipo kampaniyo inamupatsa Mackson. Simeoni mwiniwake inamulemba ganyu yonyamula chikwama.

Inu amene mukuwerenga, ndikuuzeni zoona, ine nkhani imeneyi imandipsetsa mtima mpaka lero. Makolo a Simeoni anathawa nkhondo ku Mozambique, n'kuwolokera pa Muloza iye ali ndi zaka khumi, opanda ngakhale mkeka. Sukulu anasiyira sitandade sikisi. Ananyamula katundu wa alendo zaka khumi ndi ziwiri asanaloledwe kukhala gaidi, ndipo Chingerezi anachitola m'njira, mawu amodziamodzi. Munda analibe, ng'ombe analibe. Chuma chake chonse chinali dzina, chifukwa alendo akabwerera kwawo ankauzana kuti ukafika ku Likhubula ukafunse Simeoni.

Kenako alendo omufunsa anayamba kuchepa, mpaka anatheratu. Iye ankaganiza kuti mwina wakalamba, kapena wina wamuipitsira mbiri. Anabwerera ku ntchito yosenza zikwama, ndipo bondo linayamba kutupa. Kuchipatala anamuuza mosabisa kuti akapitiriza kusenza chaka china chimodzi, phirilo adzangoliyang'ana ali pansi ndi ndodo. Ndiye tangoganizani, munthu akuphwanya bondo lake posenza katundu wa anthu amene anabwera kudzafuna iyeyo.

Atatsika m'phiri ulendo uja, Simeoni anaimbira foni a Thomson, mwini kampaniyo.

"Bwana, dzina langa mwalitenga bwanji? Munandipempha?"

A Thomson anaseka. "Achimwene, dzina si munda kuti lili ndi malire. Mawu a pa intaneti alibe mwini. Walipira ndiye amakhala pamwamba. Mawa kuli alendo anayi, mubwera kudzanyamula kapena ndipeze wina?"

Simeoni anadula foni. Mkazi wake Rosalia anamuuza kuti ndi bwino angokalembetsa yothyola tiyi ku esiteti mvula ikayamba, kusiyana n'kulimbana ndi anthu a magalimoto. Iye anangoyankha kuti, "Ndikapita ku tiyi, ndiye kuti ndawasiyira dzinalo."

Pa Chitakale panali mayi wina dzina lake Esteri, amene anali ndi kashopu kolembera makalata pa kompyuta. Kale ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku Blantyre. Simeoni anapita kwa iye n'kufotokoza zonse. Esteri analemba dzina lija pa kompyuta, ndipo chilengezo cha a Thomson chinatulukadi pamwamba.

"Okushoni ya tiyi ku Limbe mumaidziwa?" anafunsa Esteri. "Iyinso ndi okushoni, koma yogulitsa mawu. Wotsatsa aliyense amasankha mawu amene akufuna, n'kunena kuti ine ndingalipire mpaka mwakuti. Munthu akangolemba mawu amenewo, okushoni imachitika nthawi yomweyo, diso lisanaphethire, ndipo wopambana amaoneka pamwamba. Kuoneka n'kwaulere. Mumalipira pokhapokha munthu akadina chilengezo chanu."

"Ndiye inenso ndingagule?"

"Aliyense. Koma musathamange."

Simeoni anagulitsa mbuzi ziwiri. Anatsegula akaunti ku banki kuti apeze khadi yolipirira, ndipo Esteri anamukonzera katsamba kamodzi kokhala ndi chithunzi chake, nambala ya foni ndi njira za m'phiri zimene amadziwa. Anagwirizana kuti Lolemba adzakhale pansi asankhe mawu bwinobwino.

Koma munthu wopsa mtima Lolemba amaliona kutali. Loweruka lomwelo Simeoni anatenga foni yake n'kuyamba yekha. Anaganiza kuti ngati a Thomson agula dzina lake, iye agula boma lonse. Analemba liwu limodzi lokha, Mulanje, n'kuika mtengo wokwera kuti aone amene ali mwamuna. Malire a ndalama zogwiritsa ntchito patsiku anawaika pamwamba penipeni.

Pofika Lachiwiri, mbuzi zonse ziwiri zinali zitatha. Foni inalira kangapo, inde. Wina ankafunsa ngati ku esiteti akulemba ntchito. Wina ankafuna matabwa. Mayi wina wa ku Lilongwe ankafunsa mtengo wa nanazi. Wokwera phiri panalibe ndi mmodzi yemwe.

Paja amati safunsa anadya phula. Esteri atamva sanamunyengerere.

"A Simeoni, mwachita zopusa! Liwu lakuti Mulanje amalilemba aliyense, wofuna ntchito, wofuna kudziwa za mvula, mwana wasukulu wolemba mayeso. Aliyense wadina, inu mwalipira. Mwaphikira mudzi wonse pamene mlendo wanu ndi mmodzi."

Simeoni anatuluka osatsanzika. Milungu itatu anasenza zikwama, akutukwana mumtima a Thomson, Google, Esteri ndi bondo lake lomwe. Koma nthawi imeneyo anayamba kumvetsera zimene alendo amafunsa m'njira, mafunso omwe anali atawayankha zaka makumi awiri osawalabadira. Kuchokera ku Likhubula kukafika ku Chambe ndi maola angati? Ku nyumba ya ku Chambe kuli zofunda? Mwana wa zaka khumi angakwere? Ku Sapitwa angafikeko munthu masiku awiri? Anayamba kuwalemba kuseri kwa kalendala yakale.

Atabwerera kwa Esteri anaika kalendalayo patebulo. "Munthu wofunsa izi safuna nanazi," anatero.

Esteri anawerenga mpaka pansi, kenako anamukokera mpando.

Ulendo uno anayenda pang'onopang'ono ndi ndalama zochepa zimene Simeoni anapeza posenza. Anasankha mawu ataliatali aja m'Chingerezi, n'kutchera kuti chilengezo chizituluka pokhapokha munthu akalemba mawu amenewo kapena ofanana nawo kwambiri. Mawu amenewa anali otchipa, chifukwa palibe amene ankawalimbirana. A Thomson akanawadziwa bwanji? Iwo phirilo ankaliona pa windo la galimoto.

Analembanso mndandanda wa mawu okana: ntchito, tiyi, matabwa, nanazi, mpira. Munthu akaphatikiza limodzi mwa mawu amenewa, chilengezo cha Simeoni chisaoneke. Malire a patsiku anawaika pa mtengo wa sopo, kuti zikafika pamenepo chilengezo chizigona mpaka mawa. Lachisanu lililonse Simeoni ankapalasa njinga kupita pa Chitakale, bondo likuwawa, kukaona mawu enieni amene anthu analemba asanadine. Opanda pake ankawadula, obweretsa mlendo ankawakwezera mtengo pang'ono.

Mwezi woyamba kunabwera mlendo mmodzi. Mmodzi yekha basi, mphunzitsi wa ku Zomba amene ankafuna kukwera ndi ana ake. Anzake a Simeoni pa Likhubula ankamuseka kuti wasanduka bwana wa pa foni. Mwezi wachiwiri anabwera atatu. Kenako mvula inayamba, alendo anachepa, ndipo Simeoni anaimitsa chilengezo m'malo motaya ndalama, n'kumathandiza Rosalia kugulitsa mapeyala pamsewu.

Panatsala chimodzi, chimene chinkamusowetsa mtendere: dzina lake linali likadali m'manja mwa a Thomson.

"Ndingapikisane nawo bwanji anthu a ndalama?" anafunsa mvula itatha.

"Pa okushoni iyi sayang'ana ndalama zokha," anayankha Esteri. "Amayang'ananso ngati chilengezo chikugwirizana ndi zimene munthu akufuna. Wolemba Simeoni akufuna Simeoni. Tsamba lanu lili ndi dzina lanu ndi nkhope yanu. Lawo lilibe. Anthu akamadina lanu n'kukhutira, inu muzilipira zochepa, iwo azilipira zambiri kuti akufikeni."

Simeoni anagula dzina lake lomwe. Tamvani zimenezo! Munthu kulipira kuti dzina limene anamupatsa mayi ake limubwerere. Ngati zimenezi sizikukukwiyitsani, ndiye sindikudziwa chimene chingakukwiyitseni. Chilengezo analemba chachidule: Ndine Simeoni mwiniwake, wa ku Likhubula, sindinasiye ntchito.

A Thomson sanagonje msanga. Anakweza mtengo, anakwezanso, ndipo masiku ena chilengezo chawo chinkabwerera pamwamba. Simeoni ankafuna kukweza nayenso mwaukali ngati poyamba paja, koma anali ataphunzira. Anasiya mtengo wake pamene unali. Alendo ankaona mayina awiri, n'kusankha limene anauzidwa ndi anzawo. Pofika Julaye 2019, chilengezo cha kampani ija pa dzina la Simeoni chinazimiririka, osaonekanso.

Chaka chimenecho Simeoni sananyamulenso chikwama cha munthu. Ankayenda kutsogolo ndi kachikwama kake ka madzi, ndipo bondo linaphwa. Onyamula katundu ankawasankha yekha pa Likhubula n'kuwalipira pamaso pa mlendo. Akamva kuti mlendo akufuna gaidi wina potchula dzina, ankamupatsa nambala ya munthuyo.

Tsiku lina masana, ali pa mtsinje wa Likhubula akutsuka nsapato, foni inalira. Anali a Thomson, mawu atafewa ngati sanasekepo munthu.

"Achimwene a Simeoni, kuli gulu la anthu khumi ndi awiri. Akuti akufuna inuyo basi, apo ayi akabweza ulendo. Tigwirizane. Mitengo yanu ili bwanji masiku ano?"

"Lembani dzina langa pa Google, mukaipeza," anayankha Simeoni. "Mumadziwa kale kalembedwe kake. Koma chilengezo chapamwambacho musadine, mungandiwonongere ndalama. Auzeni alendowo andiimbire okha."

Anadula foni n'kupitiriza kutsuka nsapato. Madzulo alendo aja anamuimbira okha.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali wina amene akudyera thukuta lanu chifukwa chakuti amadziwa kanthu kamene inu simukadziwa. Kwiyani, n'koyenera kukwiya. Koma mkwiyo wokhawokha unangomudyera Simeoni mbuzi ziwiri. Chimene chinamubwezera dzina n'chakuti anabwerera kwa amene anamudzudzula, anakhala pansi, naphunzira malamulo a masewera amene ankamugonjetsera, ali ndi zaka zoposa makumi anayi ndiponso sitandade sikisi yake yomweyo. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Pitani mukafunse mmene chinthu chikukupwetekanicho chimayendera, ndipo mukalakwitsa koyamba mubwererenso. Musataye mtima, ndipo dzina lanu musamusiyire munthu.