Pulankitoni wa M'chikwama

Ndikulumbira, zonsezi n'zoona. Ine mphunzitsi wa sayansi, ndinagula nkhanga yakutchire yogwidwa pamsampha n'kuibisa m'chikwama. Panjira yochokera ku Boma kupita kwathu ku Ludzi, woyang'anira nkhalango anandiimitsa. Ntchito yanga ndinaiona ikutha. Thukuta limene ndinatuluka likanathirira munda wonse wa mtedza.

"Muli chiyani umo, bambo?"

"Pulankitoni," ndinatero. "Tizamoyo ta m'nyanja yamchere, tosaoneka ndi maso. Lamulo loteteza mbalame silikhudza timeneto."

Chikwama chinagwedezeka, kenako chinalira.

Woyang'anira nkhalango uja anandiyang'anitsitsa, n'kuvula chipewa.

"Aphunzitsi, mwandiiwala? Ku Folomu 2 munandipatsa ziro chifukwa ndinalemba kuti pulankitoni ndi mbalame. Lero mukuti bwanji?"

Ndinatsegula chikwama ndekha. Pulankitoniyo anauluka.