Kompyuta Imene Inkazimira Atate Panjira

Atate anagwira ntchito mu mgodi moyo wawo wonse, akuyendetsa magalimoto onyamula miyala pansi pa nthaka. Ankanena kuti akadzapuma pantchito tidzachoka ku Chamboli, komboni ya ku Kitwe, kubwerera kwathu ku Chipata, koma atangopuma kumene anadwala sitiroko. Mwendo unachira msanga. Dzanja lamanja ndilo linatsalira, ndipo mawu awo ankatuluka molemera. Munthu amene ankaimba kwaya ku tchalitchi anayamba kukhala pakhonde tsiku lonse, osayankhula ndi wina aliyense.

Kompyuta inali ya alongo anga aakulu, amene anaisiya pakhomo atapeza ntchito ku Solwezi. Atabwera kudzazonda Atate, anaikamo gemu yoyendetsa malole, n'kulumikiza chiwongolero chapulasitiki, popeza adokotala anali atanena kuti dzanja lija lizigwiritsidwa ntchito. Atate anakana, amvekere nzoseweretsa za ana. Koma ataona alongo anga akulephera kubweza lole chammbuyo, anapirira pang'ono, kenako anati, "Choka apo, nione."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panasintha. Atate ankadzuka, kusamba, kuvala malaya a kolala, n'kukhala pa chiwongolero ngati akupita ku shifiti. Dzanja lodwala lija ankaliika pamwamba, lamanzere n'kumalithandiza. Ine ndikaweruka ku ofesi kumene ndinkagwira ntchito m'tauni ya Kitwe, ankandifotokozera kumene apereka katundu tsikulo. Amayi ankawaseka, koma ndinkaona kuti mtima wawo wakhala pansi.

Vuto linayamba nyengo yotentha. Lole ikamayenda pamsewu wopanda magalimoto ena, zonse zinali bwino. Koma ikangolowa mumzinda waukulu wa mu gemumo, makamaka kukagwa mvula, kompyuta inkangozima yokha, phi! Kenako n'kudziyatsanso, ulendo wonse wa Atate utafufutika.

Poyamba ndinaganiza kuti ndi malaiti, chifukwa kwathu amapita nthawi iliyonse. Koma tsiku lina inazima wailesi ya Amayi ikuyankhulabe pa soketi ina. Ndinaimbira foni alongo anga.

"Yamba waikamo madalaivala atsopano," anatero. Anandifotokozera kuti amenewa ndi mapulogalamu othandiza kompyuta kumvana ndi zipangizo zake. Ndinachita momwemo, ndikutsatira zimene ankanena pafoni. Mawa lake inazimanso.

"Tsitsa kukongola kwa zithunzi, isamalemedwe."

Ndinatsitsa. Mitengo ya mu gemu inayamba kuoneka ngati yodula pa katoni, koma kompyuta inapirira masiku angapo. Ndinayamba kupuma. Kenako Loweruka masana, ndikuchapa kuseri, ndinamva Amayi akundiitana ndi mawu amene ndinali nditawamvapo kamodzi kokha, tsiku la sitiroko lija.

Ndinathamanga thovu lili m'manja. Atate anali pampando, manja ali pa chiwongolero, maso ali pa sikirini yakuda, osagwedezeka. Ndinagwada patsogolo pawo. Ndinayang'ana pakamwa pawo ngati papotoka.

"Atate! Mukundimva? Kwezani manja onse."

Anandiyang'ana, n'kukweza manja onse awiri.

"Nili bwino, mama," anatero pang'onopang'ono. "Koma ni dzanja ili. Likanjenjemera, makina azima. Ndine niononga chinthu cha mwana wanga."

Ndinawauza kuti dzanja silingazimitse kompyuta. Sanandikhulupirire. Anadzuka, kuphimba chiwongolero ndi chitenje cha Amayi, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Tsiku lotsatira sanayandikirepo. Linzakenso chimodzimodzi. Ndikawafunsa kanthu ankangoyankha ndi mutu.

Apa m'pamene mantha anandigwira zenizeni. Ku ofesi ndinkalakwitsa ntchito zosavuta. Nthawi ya nkhomaliro ndinkawerenga pafoni zimene anthu ena alemba za makompyuta ozima okha, ndipo aliyense ankanena zake. Wina amvekere ndi kutentha, wina ndi ramu, timatabwa tosunga zimene kompyuta ikugwira nthawi imeneyo, wina kuti girafikisi kadi, chipangizo chotulutsa zithunzi chija, ikufa. Chomaliza ichi ndicho chinkandiopsa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti sitingachipeze msanga.

Ndinali ndisanatsegulepo kompyuta chibadwire. Lamlungu titachoka ku Misa ndinaizula ku magetsi, kuiika patebulo, n'kumasula chitseko chake ndi sikuludalaiva ya Atate. M'katimo munali fumbi lokhalokha, fumbi lotuwa la ku Chamboli limene timasesa m'mawa ndi madzulo koma osatha. Mafani anali atamatirira ngati avala bulangete. Ndinatenga burashi yatsopano yopentera n'kuyamba kuchotsa pang'onopang'ono, ndikuopa kuti ndithyola kanthu. Amayi anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Ukaononga, ukamuuza wekha mwinawake," anatero.

Nditamaliza ndinaiyatsa. Inayaka, ndipo phokoso la mafani linachepa. Pulogalamu yoyeza kutentha imene alongo anga anandiuza kuti ndiikemo inaonetsa kuti tsopano m'kati mukuzizira bwino. Ndinatsegula gemu, kusiya lole itaima pakati pa mzinda mvula ikugwa, ine n'kukhala pambali ndikudikira. Sipanapite nthawi, phi!

Ndinakhala pansi pasimenti. Atate anali pakhonde, ndipo ndikudziwa kuti anamva, chifukwa anatsokomola koma osatembenuka.

"Mwaona, Atate?" ndinafuula. "Yazima inu mulibe!"



Madzulo ena ndinayesa ramu. Tinali timatabwa tiwiri topyapyala, ndipo ndinkachotsa kamodzi n'kuyesa ndi kotsalako. Inazima ndi koyamba, inazimanso ndi kachiwiri. Alongo anga anangoti, "Apa pandipitirira. Pita nayo kwa okonza."

Mnzanga wa ku ofesi anandilozera kwa bambo wina wokonza makompyuta ku Kamitondo, komboni ina ya ku Kitwe konko. Ndinakulunga bokosi lonse m'bulangete n'kukwera nalo minibasi, nditalifukata pamiyendo ngati mwana wodwala. Basi ikagwa m'dzenje ndinkalikumbatira. Kondakitala ankafuna kuliika kumbuyo, ine ndinakana mpaka anandisiya.

Bambo uja tinalonjerana m'Chibemba, koma atamva kayankhulidwe kanga anasintha n'kuyamba Chinyanja. Analumikiza kompyuta, kutsegula gemu, n'kuisiya ikuyenda. Tinadikira. Anakonza foni ya munthu wina, anamwa tiyi, kompyuta ili chiyakire. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti izime, chinthu chimene ndinali ndisanapemphepo.

"Mayi, makina aya alibe vuto," anatero.

"Lowetsani lole mumzinda. Muyatse mvula. Mubweze kukongola kwa zithunzi pamwamba penipeni."

Anachita zimenezo. Lole inadutsa maroboti oyamba, inakhota, ndipo itangofika pamene panali magalimoto ambiri, sikirini inada. Ndinaomba m'manja mosazindikira.

Bamboyo anagwedeza mutu. Anandifunsa zonse zimene ndinali nditayesa, ndipo nditamaliza anati chatsala n'chimodzi. Analoza kabokosi kachitsulo pakona, kotuluka mawaya ambiri. Anati iyo ndi pawa sapulai, imene imagawa magetsi ku zipangizo zonse. Ikatopa, makamaka kuno kumene malaiti amapita n'kubwera mwamphamvu, imakwanitsa ntchito zopepuka, koma gemu ikafuna mphamvu zambiri nthawi imodzi imagonja.

"Mukutsimikiza?" ndinafunsa.

"Awe, sininganame. Tiyese ina tione."

Anachotsa yakale n'kuika ina imene anali nayo pa shelefu. Tinayendetsa lole mumzinda womwewo, mvula yomweyo, kubwereza kangapo. Sinazime. Komabe mtima wanga sunakhazikike, popeza nditatsitsa zithunzi paja inandinamizanso masiku angapo. Bamboyo anandiuza kuti ndipite nayo, ndipo ikazima ndibwerenso. Anandilangizanso kupeza kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu.

Kunyumba ndinalumikiza zonse, koma Atate anakana kulowa. Sindinawakakamize. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkayatsa gemu, kusiya lole ili mumzinda, n'kukweza mawu kuti injini izimveka mpaka pakhonde. Khutu langa linkakhala komweko ngakhale ndikudya. Firiji ikangosiya kulira ndinkadzidzimuka.

Sabata itatha osazima, ndinaganiza zoyendetsa ndekha. Ndinali ndisanagwirepo chiwongolero chilichonse. Ndinatuluka pa depoti bwinobwino, koma pakona yoyamba ngolo yakumbuyo inakwera pamsewu wa oyenda pansi n'kugwetsa chikwangwani. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kugunda galimoto yofiira imene inali kumbuyo kwanga. Mahutala anayamba kulira mbali zonse.

"Ukhota msanga," anatero mawu kumbuyo kwanga.

Atate anali ataima pakhomo, atatsamira mphuthu. Sindinatembenuke.

"Ndikhote liti nanga?"

"Pitiriza kutsogolo. Pitiriza. Yang'ana pagalasi, osati pa bonati. Manje khota."

Ngolo inadutsa osakhudza kanthu. Anakoka mpando wa patebulo n'kukhala pambali panga. Tsiku limenelo sanagwire chiwongolero, anangondilangiza mpaka ndinafikitsa katundu, mochedwa, lole itaphwanyika mbali imodzi. Amayi atabwera kudzatiitana ku chakudya, Atate anawauza kuti ndikanakhala wantchito wawo ku mgodi akanandibweza kunyumba tsiku loyamba lomwe.

Lolemba ndikuchoka m'mawa ndinawapeza akupukuta chiwongolero ndi kansalu. Ku ofesi ndinaimbira Amayi nthawi ya nkhomaliro kufunsa ngati yazima. Anati ayi, koma ndisiye kuimbaimba, chifukwa foni ikalira Atate amadandaula kuti ikuwasokoneza pamsewu.