Majombo a Asibweni Overtoun

Asibweni Overtoun Mhone, mlongo wawo wa amayi anga, sanamenyepo mpira chibadwire. Koma kuno ku Chifira munthu akangotchula za mpira, dzina loyamba kumveka ndi lawo.

Anapita ku Joni wapansi m'chaka cha 1927, ali mnyamata wa zaka makumi awiri. Anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo kumudzi anabwerako kawiri kokha. Masiku opuma, anzawo akamapita kumowa, iwo ankaima pa mpanda wa komboni n'kumaonerera mpira mpaka utatha. Pobwerera kwathu anabwera ndi bokosi lachitsulo, simbi yamakala, mpira wachikopa womanga ndi chingwe, pampu yake, ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Akakwera kamtunda kochokera kunyanja amaima kawiri, dzanja lili pamtima.

Anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu, Bizwell, anapita ku migodi komweko mu 1952. Analemba makalata awiri, kenako zii. Wotsala anali Mizeck, wothamanga ngati mphepo, amene mwendo wake wamanzere unkadziwika mpaka ku Kande. Timu yathu, Mpasa za ku Chifira, asibweni anaiyambitsa chaka chimene Bizwell analeka kulemba. Tsiku lina ndikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba ndinawamva akuuza amayi anga kuti, "Mnyamata akakhala ndi Loweruka loti alidikire, sayang'ana kumsewu."

Mu 1955 Mpasa zinasewera kasanu ndi kanayi, n'kupambana kasanu ndi kawiri, onse ali opanda nsapato. Masewero omaliza anali ku Chintheche, ndi timu ya makalaliki ndi amesenjala, ndipo tinawagonjetsa zigoli ziwiri kwa chimodzi. Potuluka m'bwalo kalaliki wina wochokera kummwera anaima pamaso pa asibweni n'kunena mokweza kuti, "Atonga mumatchuka ndi kutchena, koma timu yanu ikuyenda ngati abakha, zala zonse pamtunda."

Amene si wa kuno sangamvetse kuwawa kwa mawu amenewo. Kwathu munthu akhoza kugona ndi njala, koma kutchalitchi apita ndi kolala yoyera. Asibweni amapita kumpira atavala buluku loyera ndi tayi. Malaya a timu amawaviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti aume gwa, n'kuwasita okha. Tsiku limenelo anabwerera kumudzi ngati kuti ndife tagonja.

Dzinja lonse lotsatira anayenda nyumba ndi nyumba, kuyambira ku Chifira mpaka kutsidya la mtsinje wa Luweya, kupempha majombo a kumgodi amene anthu anabwera nawo. Ena anapereka eni ake. Ena anapereka amayi amasiye, pakuti majombo ena anabwera m'mabokosi opanda eni ake. Pofika mwezi wa Epulo anali atakwana a anthu khumi ndi mmodzi. Anawapaka polishi mpaka kuwala, n'kuwandanda pakhonde. Awo enieni, amene anatsika nawo pansi zaka zawo zomaliza, anapatsa Mizeck.

Chaka chimenecho, 1956, ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndikudikira kalata yondiitana ku maphunziro a uphunzitsi. Masewero onse ndinawaonera.

Oyamba anali ku Sanga. Anyamata athu analowa m'bwalo pamzere ngati a malipenga, majombo akugunda pansi pamodzi, ndipo ngakhale anthu a ku Sanga anaomba m'manja. Asibweni anavula chipewa n'kuwerama pang'ono. Osewera a ku Sanga, amene analibe nsapato, poyamba ankaopa kupondedwa. Posakhalitsa anaona kuti athu akuchedwa kutembenuka, ndipo anayamba kuwazungulira ngati zitsa. Tinagonja zigoli zitatu kwa duu. Asibweni anati vuto linali mwera.

A ku Mpamba anabwera kwathu n'kutimwetsa zinayi, ife chimodzi. Asibweni anati woimbira wezulo anali mkamwini wa ku Mpamba. Kachitatu tinapita ku Chintheche, kwa makalaliki aja, ndipo anatimwetsa ziwiri. Ulendo uno asibweni sanapeze chonamizira.

Anthu anayamba kunong'onezana kuti majombo a akufa sangathamange, eni ake akuwakokera pansi. Asibweni, amene ndi mkulu wa mpingo, atamva anati zimenezo ndi zachikunja, ndipo anawonjezera polishi.

Lachitatu la sabata yotsatira ndinapita kunyanja kukavuula chinangwa chimene tinaviika. Kuseri kwa mabango ndinapeza anyamata asanu a m'timu atakhala pa bwato logadabuzika, mapazi ali m'madzi. Mizeck atatukula phazi lake ndinaona chidendene chofiira, khungu litachoka, ndi matuza pa zala zonse. Jobe, amene amasewera kutsogolo pamodzi ndi Mizeck, chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada.

"Usakanene, Jessie," anatero Mizeck.

"Bwanji osawauza?"

"Ndiwauze chiyani? Ayenda dzinja lonse ndi chifuwa chija. Ndikawauze kuti anayenda pachabe?"

"Anga ndi aakulu ngati bwato ili," anatero Jobe. "Ndimaikamo nsanza ndi masamba a nthochi. Ndikamenya mpira, phazi limafika mochedwa, jombo litapita kale."

Anzake anaseka, koma Mizeck sanaseke.

"Tikagonja kwa a Kande Loweruka, nkhani yatha," anatero. "Lolemba lole ya olemba anthu a ku Joni ikubwera pa Chintheche. Tagwirizana anthu asanu ndi mmodzi."

"Asibweni akudziwa?"

"Za lole ndawauza. Ndati, Ada, munthu sangakhale pamudzi kumangosekedwa."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati ndiye mupambane."

Lachisanu masana ndinapita kukawathandiza kusita malaya. Ndinali nditakonza mawu anga njira yonse. Ndinawapeza atakhala pampando pakhonde, jombo lili pa bondo, akulipukuta ndi kansalu. Maso awo anali ofiira. Akazi awo, a NyaManda, anandinong'oneza kuti kuyambira Lachitatu sakudya, angonyema kondowole kawiri n'kusamba m'manja.

Ndinasita malaya atatu ndisanatsegule pakamwa. Pa achinayi ndinati, "Asibweni."

"Watani, mphwanga?"

Anandiyang'ana, jombo lili m'manja. Linali lija la Mizeck. M'kati mwake ndinkaona nsanza yothimbirira, koma iwo ankangoyang'ana kunja kowalako.

"Makala azima," ndinatero.

"Kapale ena kukhitchini."

Ndinapita kukapala makala.

Loweruka kunacha ndi mwera wamphamvu. Bwalo lathu lili kuseri kwa sukulu, dothi lake louma ndi lolimba, ndipo fumbi linkauluka kuchokera ku goli ya kummwera. A Kande anabwera ambiri, amayi awo akuimba njira yonse. Osewera awo analibe nsapato, kupatula goloboyi amene anavala imodzi. Woimbira anali mphunzitsi wa ku Bandawe, chifukwa ndiye anali ndi wotchi.

Asibweni anaima pamalo pawo pa nthawi zonse, pafupi ndi mzere wapakati, pampu ili kukhwapa. Ine ndinali kumbuyo kwawo pamodzi ndi a NyaManda.

Chigoli choyamba chinabwera msanga. Wotchinga kumbuyo wathu anafuna kutembenuka, jombo linakana, ndipo kamnyamata ka ku Kande kanamudutsa n'kulowetsa mpira pakona ya goli. Patapita kanthawi Mizeck analandira mpira ali yekha, goloboyi yekha patsogolo pake. Chaka chatha zikanathera pomwepo. Anamenya, mpira unakwera pamwamba pa goli mpaka m'munda wa chinangwa wa aphunzitsi. Anaima atagwira m'chiuno, phazi limodzi atalitukula pang'ono. A Kande anamwetsa chachiwiri wezulo wopumulira atatsala pang'ono kulira.

A NyaManda anakhala pansi pa fumbi n'kufunda nsalu kumutu.

Anyamata athu anakakhala pakati pa bwalo, mitu ili pansi. Pamenepo kuchokera mbali ya a Kande kunatuluka a Gresham Kamanga, bambo wachikulire amene anagwira ntchito mgodi umodzi ndi asibweni. Awiriwa amanyozana pa masewero aliwonse, kenako n'kugawana fodya.

"Mhone!" anaitana. "Wachita bwino, mnzanga. Kapitawo wa ku Joni sadzavutika nawo awa. Majombo awazolowera kale. Wangotsala kuwagulira nyali zapamutu."

Anthu a ku Kande anafa nacho chiseko. Ena a kwathu anasekanso. Ndinkadikira kuti asibweni abweza, pakuti sasowa chobweza. Anatsokomola nthawi yaitali, atawerama, mpaka a Kamanga analeka kuseka. Atawongoka anandipatsa pampu osandiyang'ana, n'kulowa m'bwalo.

Anayenda pang'onopang'ono. Phokoso linayamba kuchepa. Ine ndinawatsatira chapatali ndi chidebe cha madzi akumwa, kuti ndioneke ngati ndili ndi chochita. Atafika pamene panali Mizeck anagwada pa fumbi, ndi buluku lawo loyera lija.

"Bweretsa mwendo."

"Ada, anthu akuona."

"Bweretsa."

Anamasula chingwe, bowo ndi bowo, n'kukoka jombo. Nsanza inatuluka itamatirira ku chidendene, yofiira. Anaiyang'ana. Anavula linalo, n'kuyang'ananso.

"Kuyambira liti?"

"Ku Sanga, Ada."

"Nonse?"

Jobe anayang'ana kumbali.

"Masabata anayi," anatero asibweni. "Ndipo pa anthu khumi ndi mmodzi palibe wa pakamwa." Anatembenuka n'kundiona ndi chidebe changa. Ndinadziwa kuti akumbukira za makala. "Vulani nonse. Jessie, athire madzi kumapazi."

Anamangirira majombo onse zingwe ndi zingwe, n'kuwanyamula okha paphewa. Anakana kuthandizidwa. Anaima kawiri asanafike pa mzere, ndipo atafika anawaunjika pansi n'kuwakhalira.

Chigawo chachiwiri chitayamba ndinaganiza kuti tachedwa. Dothi linali lolimba, zilonda zili poyera, ndipo athu ankaponda ngati akuyenda pa minga. A Kande anatsala pang'ono kumwetsa chachitatu. Koma kenaka ndinaona Mizeck akuimitsa mpira ndi kunsi kwa phazi, n'kuukokera kumbuyo, munthu wa ku Kande n'kudutsa yekha. Chinthu chimenecho sitinachione chiyambire chaka. Anaupereka kwa Jobe, Jobe anaugwira ndi m'mbali mwa phazi, ndipo unalowa.

A NyaManda anachotsa nsalu kumutu.

Kuyambira pamenepo mpira unakhala ku goli ya a Kande, koma sunkalowa. Unagunda mtengo. Goloboyi anautulutsa ndi nsapato yake imodzi ija. Asibweni sankayang'ananso mpira, ankayang'ana mphunzitsi wa wotchi. Nthawi iliyonse mphunzitsiyo akagwira m'thumba, iwo ankadzuka pa mulu wa majombo, akaona kuti watulutsa kansalu kopukutira thukuta, n'kukhalanso.

"Zatsala mphindi zingati, aphunzitsi?" anafunsa mphunzitsiyo atadutsa pafupi.

"Zitatu, a Mhone."

Mpira unatuluka pakona. Jobe anauponya m'mwamba, mwera unaubweza, ndipo unagwera pakati pa miyendo yambiri m'fumbi. Sindinaone bwino. Ndinangoona Mizeck akugwa chagada, mwendo wamanzere uli m'mwamba, ndi goloboyi akutembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake. Mpira unali utalowa.

Anthu athu anathamangira m'bwalo, ndipo mphunzitsi anavutika kuwatulutsa. Mphindi yomaliza a Kande anabwera onse kwathu. Kamnyamata kaja kanamenya mpira wamphamvu umene unadutsa goloboyi wathu, n'kugunda mtengo wapamwamba, n'kubwerera m'bwalo. Wezulo analira. Ziwiri kwa ziwiri.

A Kamanga anabwera ndi fodya wawo. "Sunapambane, Mhone."

"Sindinagonje," anatero asibweni, maso ali kwa Mizeck amene ankabwera akutsimphina.

Pangano la anyamata lija linali la kugonja. Za kufanana mphamvu palibe anali ataganizapo. Lamlungu, titatuluka m'tchalitchi, ndinawaona asanu ndi mmodzi aja, Mizeck, Kingsley ndi anzawo, pansi pa mtengo wa mango akukangana. Kunyumba asibweni sanamufunse Mizeck zimene anagwirizana.

Lolemba m'mawa anavala tayi n'kukakhala pakhonde, moyang'ana njira yopita kumsewu. Ine ndinabwera kudzachapa malaya a timu. Mizeck anali atatuluka kusanache, ndipo palibe ankadziwa kumene walowera. A NyaManda anali atayang'ana kale m'chipinda chake. Bulangete linalipo, koma anthu ena amapita opanda bulangete.

Dzuwa litakwera tinamva lole ikudutsa kumsewu, kulowera kummwera. Asibweni anaimirira, n'kugwira mzati. Anaima choncho mpaka phokoso litatheratu.

Patapita nthawi Mizeck anatulukira ku njira ya kunyanja, nkhafi ili paphewa, mapazi atakulunga nsanza, utaka uli pa chingwe.

"Apita awiri," anatero. "Kingsley ndi wotchinga kumbuyo uja. Tifunika anthu awiri Loweruka lisanafike. A ku Sanga akubwera."

"Nanga likapita Lowerukalo?" anafunsa asibweni.

"Tidzaona likapita, Ada."

Asibweni anakhala pansi n'kupempha chakudya.

Sabata imeneyo anayamba kubweza majombo, nyumba ndi nyumba, monga anawatengera. Awo enieni aja anawaika pansi penipeni pa bokosi lachitsulo, n'kukhoma, kiyi n'kupatsa a NyaManda. Lole imabwera mwezi uliwonse. Lachisanu lililonse asibweni amapopa mpira, n'kuutsina ndi chala, n'kusita malaya khumi ndi limodzi.