Amayi atsuka msampha wa udzudzu

Mwaswera bwanji nonse? Lero Lachitatu ndinadzuka ndi chimwemwe, chifukwa ofufuza za malungo amabwera kudzatenga udzudzu mu msampha umene anapachika kuchipinda kwathu dzulo.

Koma Amayi atamva kuti kukubwera alendo ochokera ku Liwonde, analawirira kusesa paliponse. Kenako anakhuthula kachitini ka msamphawo n'kukatsuka ndi sopo!

Ofufuzawo atafika, mayi wotsogolera gululo anaseka mpaka misozi. "Mayi, zinyalala mwatayazo ndi zimene tabwerera."

"Iyayi, alendo apeze tizilombo takufa m'nyumba mwanga?" anatero Amayi.

Mwamwayi udzudzu umodzi unakanirira pa kaukonde. Wotsogolera uja anandionetsa pa galasi lokulitsa zinthu. Abale inu, mapiko a mawangamawanga, mimba yofiira ndi magazi a mmodzi wa ife! Akuti ndi waukazi, wa mtundu wofalitsa malungo. Ntchito imeneyi ndikuifuna ine.

Atcheranso msamphawo. Mawa akaupeza wopanda kanthu, asamukira kunyumba ina, ndipo galasi lija sindidzalionanso.

Amalume, aimbireni Amayi asakhuthulenso msamphawo, inuyo amakumverani. Enanu mukuti bwanji? Ine mawa sindichoka pansi pa msamphawo mpaka galimoto yawo ifike, ngakhale ndichedwe kusukulu.