Mpanda wa Atate Unaphuka

Pasukulu pathu ku Kacholola, ahedi analamula kuti mwana aliyense abzale mtengo, makolo autchingile mbuzi. Ine ndinabzala kambande ka mango. Atate, posafuna kupambanidwa ndi makolo anzawo, analowa m'thengo nadula mtolo wathunthu wa timilombwa tatiwisi kuti amangile mpanda kamtengo kamodzi kokhako. Amai anangoti, "Inu bambo, ndiye mwateteza chilengedwetu!"

Kamango kanga kanadyedwa ndi chiswe mvula isanagwe. Koma timilombwa tija tinaphuka, mpanda wonse n'kusanduka mthunzi. Lelo atate akamadutsa pasukulupo amaloza monyada, ati anadziwilatu. Amai amawavomela ndithu, kuti m'boma lonse la Nyimba nkhwangwa yawo yokha ndiyo inabzalapo mitengo.